Odi ku Boma

Lemba iwe, Esinala, zala zanga zinakana kale,
cholembera chimavina chokha ngati chalawa kachasu.
Yamba ndi tsiku. Ulilembe mokuza.
Akuti adzawerengera pamene chidindo chagwera,
zaka zomwe bondo ili lakhala likulira
sizilowa m'kaundula wawo.

Uwauze kuti iyi si kalata yopempha.
Yopempha ikubwera m'mbuyo, ikumanga nsapato.
Iyi ndi odi chabe,
munthu waima pabwalo, chipewa m'manja,
kuti eni nyumba asadzati tawadzidzimutsa.

Ine Fulaye Namakhwa, kopolo wopuma,
wa ku Thondwe, kuseri kwa msika,
nambala yanga ndimaitchula ngakhale kutulo.
Ndinalowa pageti la Kobe ndili ndi mano onse,
ndinalondera njanji kutsidya kwa Nayuchi
mvula zitatu,
ndipo khutu lakumanzere ndinalisiya komweko
m'mawa umene mlatho unadumpha m'mwamba.
Lemba kuti ndikubwera kudzatenga zanga.
Ayi, fufuta. Lemba mwaulemu:
ndili ndi maganizo odzapempha.

Ukuseka?
Ukuti kalata yonena kuti kudzabwera kalata?
Mwana iwe, lipenga limayamba kulira
perete asanayambe.

Mapepala sanakwane, ndikudziwa.
Kabuku kotulukira usilikali chiswe chinadya pakona,
pamene panali siginecha ya mzungu wa ndevu uja.
Dokotala wa ku Sentulo akuti Lachinayi,
Lachinayi lake limabala Lachinayi linzake.
Chithunzi ndinajambulitsa ku Chinamwali
chinatuluka ngati ndakwiyira dziko.
Mtchatho wa ine ndi amayi ako
uli m'kabati ya ku parishi, makiyi anapita ndi katekisiti.

Ajibu Mtalika anati adikire zonse zikwane,
kuti akalowe mu ofesi ngati mwamuna.
Tinamuika ku Songani chaka chatha, mwezi wa mphepo.
Jumbo yake ya mapepala ikadali pamsomali,
yakwana bwinobwino,
palibe amene anamva odi wake.

Iwo pondifuna ine sanaodire.
Lole inafika usiku, injini osazimitsa,
amayi ako ali ndi pakati pa iwe,
chimanga chitangoyamba kumasula.
Ndinakwera, batani limodzi lili losamanga.
Zimenezo usalembe.
Pepala la boma silikonda madandaulo,
limakonda mizere yowongoka ndi dzina m'zilembo zikuluzikulu.

Ukatha undipatse inki ndidinde chala.
Chala chomwechi chinkagwira mfuti osanjenjemera,
lero chigwire iwe, uchitsogolere
ngati mbuzi yopita kudibi.

Mawa ulawire, ukwere minibasi yoyamba.
Mukamadutsa pachipilala cha asilikali
usayang'ane wotchi ija, ingakunamize,
yang'ana phiri. Likavala mtambo, ambulera ili kuseri kwa chitseko.
Mu ofesi ukapeza mzere, khala pabenchi,
akakuuza kuti bwana ali kumsonkhano, khalabe.
Mapepala awiri: limodzi lawo, limodzi lathu,
onse awadinde uli pomwepo, ukuona ndi maso ako.
Tsikulo lioneke, inki isakhale yotuwa.
Ufunsenso dzina la amene walandira,
ulilembe kuseri, ngakhale akwinye nkhope.

Lathulo ubwere nalo lisanapindike kanayi.
Tidzaliika m'chitini cha mabisiketi
pamodzi ndi mendulo ndi khadi la kusikelo la mwana wako.
Akuti kuchokera apo tili ndi chaka
chosakira zotsalazo.
Chaka ndi chachitali kwa munthu wodikira,
kwa chiswe ndi chakudya cha masana.

Ndikapanda kufika, pepalalo lidzanena
kuti Namakhwa anafika pakhomo tsiku lakuti,
anaodira.
Iwe udzangopitiriza pamene ndalekezera.

Tsopano werenga zonse ndimve.
Bwera mbali ino,
khutu lamoyo ndi lakumanja.